Injini Yoti Ndikalambe Nayo

Lolemba
Dimba la mpunga limene bambo anandisiyira ku Malengachanzi ndagulitsa. Ndikufuna pikapu yakale ya dizilo, ndizinyamulira anthu mpunga kupita kumsika. Digiri yakana kundidyetsa, mwina galimoto ivomera.
Zilipo ziwiri:
- ya ku Dwangwa: injini ya tabo, yaliwiro, koma ili ndi kompyuta;
- ya a Juma a ku Chia: yopanda tabo, yaulesi, yaphokoso ngati chigayo.
Ndigula kamodzi basi. Ndikalakwitsa, ndatha.

Lachiwiri
Tsiku lonse ndili pa foni kuwerenga za mainjini. Azungu akutukwanizana, aliyense akuikira kumbuyo yake. Mutu waukulu!
A Banda, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, akuti: “Ya kompyutayo ikadwala muzikaigoneka ku Lilongwe. Yaulesiyo idzakuikani m'manda inuyo, iyo ikulirabe.” Ndikuganiza kuti akuiyamikira.

Lachitatu
Sindinauze wachibale aliyense, koma mudzi wonse ukudziwa. Amalume akufunsa ngati kumbuyo kungakwane matiresi a wodwala. Azakhali akufunsa za bokosi. Za mpunga palibe akufunsa.
Kuno ukakhala ndi pikapu ndiwe ambulansi, ndiwenso wonyamula maliro. Azungu aja sanalembe zimenezi.

Lachinayi
A Juma andibwereka yawo kuti ndiiyese mpaka Loweruka. Ndikumvetsera injini nkhope ili gwa ngati dokotala, chonsecho sindikudziwa chimene ndikumvetsera. Ikufuka utsi wakuda. A Banda akuti wakuda ulibe mlandu, woopsa ndi woyera.
Mtima wayamba kuikonda. Ndikudzikayikira.

Lachisanu
A Sayidi, oyandikana nafe nyumba, amwalira kuchipatala. Ndi Asilamu, ayenera kuikidwa lero lomwe. Abale awo aima pakhomo panga, maso ali pa galimoto. Si yangatu iyi! Ndikunena mumtima mokha. Ungakane bwanji?
Pobwerera tanyamula thupi ndi aliyense amene wakwanitsa kukwera. Msewu wa ku Bua ndi mchenga wokhawokha. Singano ya kutentha yafika pofiira, ndaima. Ndikudziwa kuti iyenera kuzizira yokha, ndinawerenga. Koma kumanda akudikira.
Mkulu wina watunga madzi ozizira m'dambo: “Taimwetsani, ili ndi ludzu iyi.” Akukhuthulira pa injini yotentha. Ndikumusiya, kuopa kutsutsa akulu pamaliro. Tha! Ndailiza, utsi woyera.
Amuna asenza malemu paphewa. Afika nthawi yabwino.

Loweruka
A Banda: “Hedi ya injini yang'aluka. Ina mwina ku Salima, mwina ayi.”
A Juma, modekha: “Achimwene, ine ndinakupatsani yamoyo.” Bola akanakalipa, ndikanapeza poyankhira.
Ndaigula. Ya ku Dwangwa sindinaigwire n'komwe chiwongolero.

Lamulungu
Ng'ombe ziwiri zaikoka mpaka pakhomo. Abale a malemu abwera ndi nkhuku kudzathokoza, akuti ndine munthu wachifundo. Ndalandira ndi manja awiri.
Masana afika bambo amene anagula dimba lija. Mpunga wacha, akufunsa ngati galimoto yakonzeka. Ndawalozera. Aizungulira kamodzi, atsokomola, kenako akuti omweta akuchepa, ngati mawa ndilibe chochita.
Chikwakwa cha malemu bambo anga chikadali kudenga. Ndikuchinola.