Munabatizidwa Musanabadwe

Lolemba
Fomu ya pa intaneti yolembetsera akhristu a mpingo wathu kuno ku Katete yatha. Ndaipanga ndekha, ine mphunzitsi wa giredi 5! Mabokosi anayi: dzina, mudzi, tsiku lobadwa, tsiku la ubatizo. Ukasiya bokosi lopanda kanthu, pansi pake pakutuluka mawu ofiira. Ndasiya dala kasanu, kungofuna kuonanso. Abusa akuti Lamulungu tionetsa mpingo wonse.

Lachiwiri
Ndawonjezera lamulo loyang'ana mabokosi awiri pamodzi: ubatizo usatsogole kubadwa. Makina mpaka kudziwa zimenezi! Ndikuyesa ndi Amayi Tembo, mtsogoleri wa amayi a mpingo. Ndikudina "Tumizani". Zii. Fomu yangobwerera, osavomera, osanena chifukwa.

Lachitatu
Ndachipeza! Cholakwachi si cha bokosi limodzi, n'cha fomu yonse, ndiye chilibe bokosi loti chitulukire pansi pake. Fomu imakana ndithu dzulo, koma chamumtima. Sindinaipatse polankhulira pamwamba pa tsamba. Ndakonza polemba mizere itatu yokha ya malangizo a kompyuta, basi.

Lachinayi
Yalankhula! Pamwamba, zilembo zofiira: "Munabatizidwa musanabadwe." Amayi Tembo avala magalasi, awerenga kawiri. "Aphunzitsi, khadi la ubatizo ndili nalo. Zaka za pa chitupa cha boma anachita kundiyerekeza ndi maso." Zaka zonsezi palibe anaona. Fomu yaona lero lomwe!

Lachisanu
Linki yotsegulira fomu yafika kale m'mafoni ku Sinda ndi ku Vubwi. Okanidwa mpaka pano:
madikoni awiri
theka la kwaya ya azigogo
mkulu wa mpingo wa ku Vubwi, amene ali ndi masiku obadwa awiri, lina la ku Malawi
mayi awo a Abusa.
Chinthuchi sichiopa munthu!

Loweruka
Akulu a mpingo akumana. Wina akufunsa: "Tikonze ziti, za boma kapena buku la ubatizo?" Abusa: "Makinawo ayambe aphunzira ulemu." Ndasintha uthenga: "Pepani akuluakulu, zikuoneka ngati masikuwa asemphana pang'ono." Ikuwakanabe, koma mogwada. Kuchotsa lamulolo mtima sukulola. Silinaname.

Lamulungu
Fomu sitinaionetse, laputopu ili m'chikwama. Ndili pakhomo la tchalitchi ndi buku la hadikava ndi bolopeni, mzere wafika pamsewu. Buku likulandira aliyense, silifunsa kanthu. Amayi Tembo: "Lembani chaka chilichonse, aphunzitsi. Ambuye akudziwa."
Ndalemba.