Anandipeza pakati pa kabichi

Mpaka lero anzanga a pamsika wa Linthipe akandiona amayamba kunjenjemera mwadala. Ndinaziputa ndekha.

Chaka chatha a khonsolo anamangira gulu lathu la ogulitsa ndiwo zamasamba chipinda chozizira choyendera mphamvu ya dzuwa, kuti katundu asamatiwolere. Wapampando wa gululo ndine (anandisankha chifukwa cha pakamwa, osati nzeru). Tsiku lotsegulira ndinalawirira nditavala chitenje chatsopano, mawu othokoza nditawaloweza pamtima.

Alendo asanafike ndinati ndikasuzumireko. Anthuni, ndinangoti kukamwa yasa. Kunja dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, m'katimo ngati m'mawa wa Juni kwathu kwa Kaphuka. Dzuwa lomwe lakhala likutiphikira tomato pabenchi zaka zonsezi, lero likupanga chisanu. Ndinagwira tomato amene tinaikamo sabata yapitayo: wolimba gwa, ngati wothyola tsiku lomwelo. Ndinalowa ndithu, n'kukoka chitseko kuti kuzizirako kusathawe.

Chitseko chija chinangoti khu. Kukankha, osatheka. Ndinamenya, ndinakuwa, koma makoma ake ndi ochindikala, ndipo kunja amayi anali atayamba kale nyimbo zolandirira alendo. Ena anamanga riboni pakhomopo osadziwa kuti muli munthu. Ndinafunda mpango. Kenaka ndinakhuthula kabichi n'kufunda thumba lake, kenaka lachiwiri. Ndinayesa kupemphera kolona, mano amangogundana.

Chitseko chitatseguka, kutsogolo kunali abwana a kukhonsolo sizasi ili m'manja, kumbuyo kwawo makhansala ndi wojambula zithunzi. Ine nditakhala pakireti, m'masaka.

"Mayi, mukutani muno?" anafunsa abwanawo.

"Ndimayesa ngati chikugwira ntchito, bwana. Chikugwira."

Alangizi athu a zamalonda, a Nachisale, anandigwira padzanja, n'kutsekanso chitseko tonse awiri tili m'kati. Anadina kabatani kobiriwira ndi chala chimodzi, chitseko n'kutseguka.

"Izi tinaphunzitsa Lachiwiri lija, amayi," anandinong'oneza. "Inu munali kumbuyo, mukufotokozera anzanu za ukwati wa mwana wanu."

Mawu othokoza anayankhula wachiwiri wanga, ine ndikuwothera dzuwa kuseri.

Tomato wathu sawolanso. M'mawa uliwonse ndimalowamo kukamugwira, ndipo ndimadabwabe. Koma ndimayamba ndatchinga chitseko ndi mwala waukulu, chifukwa kabatani kaja sindikakhulupirira.