Kompyuta Itatchula Wakuba Mbuzi ku Kapondo

Mpaka lero ndikamadutsa ku Kapondo sinditsika m'galimoto. Ndimakhala phee pampando, nditaphimba nkhope ndi chitenje ngati mutu ukundipweteka, chifukwa kumeneko kuli anthu amene amandidziwa ndi dzina limene sindinabatizidwe nalo. Amanditchula kuti "mayi a maula."

Anayambitsa zonsezi ndi alamu anga, amene anali mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina yoyendera kumeneko. Zinali zaka zija makompyuta atangoyamba kulowa m'maofesi a pa Boma la Mchinji. Ine ndinali mlembi pa ofesi ya kabungwe kena, ndipo ntchito yanga inali kutayipa makalata ndi kufunditsa kompyuta nsalu poweruka. Tsono anthu ena akufuna kwabwino analonjeza sukulu ya alamu angawo makompyuta ndi magetsi a dzuwa, koma anati apereka pokhapokha atsikana nawonso atalembetsa phunzirolo. Anyamata analembetsa mochita kukankhana. Atsikana, zii.

"Alamu, makolo akuti zimenezi ndi za anyamata," anatero atabwera kwathu. "Ena akuti kuwala kwake kumapha maso, mwana n'kulephera kukwatiwa. Tabwerani mudzawaonetse kuti munthu wamkazi akhoza."

Ndinavomera msanga kuposa mmene ndinayenera kuvomerera. Abwana anandilola kutenga kompyuta ya pa ofesi, atandiuza kuti ikakaonongeka ndisavutike kubwerera. Ndinakwera matola nditavala suti ya pakaunjika ndi nsapato za gogoda, chigalasi cha kompyutayo nditachifukata ngati khanda. Pofika, suti yakuda ija inali itasanduka yofiira ndi fumbi.

Kusukuluko magetsi kunalibe, choncho alamu anabwereka jenereta kwa mkulu wina woonetsa mafilimu pamsika. Chingwe chake chinali chachifupi, ndiye anaiika pansi pa windo penipeni, kumbuyo kwa tebulo langa. Itangolira, m'kalasimo munakhala ngati m'chigayo. Makolo anadzaza, ambiri mwa iwo matenanti a m'maesiteti, manja ali bii ndi phula la fodya poti anachita kusiya kusoka kuti abwere. Atsikana anawakhazika kutsogolo.

Ndinayamba bwino ndithu, ngakhale ndinkachita kukuwa. Ndinati kompyuta sidziwa kuti amene akuigwira ndi mwamuna kapena mkazi. Ndinati maso anga ndi awa, ndipo ndili pabanja. Amayi anaseka, ine mtima n'kukula. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zinthu zili bwino, koma pakamwa panathamanga.

"Makolo, chinthu ichi chimadziwa chilichonse! Mukachifunsa, chimayankha!"

(Ndinali ndisanachifunsepo kanthu chibadwire. Chathucho chinkangodziwa makalata oyamba ndi "Okondeka Bwana.")

Kenako ndinaitana mtsikana mmodzi kuti ayese. Anamukankhira kutsogolo Ezelina wa Fomu 3, mwana wa a Chimbalanga, wapampando wa komiti ya makolo komanso mkulu wa mpingo, amene anakhala pampando wakutsogolo atamanga tayi. Ndinakulitsa zilembo, kenako ndinamunong'oneza m'khutu kuti, "Lemba dzina la bambo ako, asangalale." Chifukwa cha phokoso lija palibe wina anamva. Galasi linali litayang'ana kwa ife awiri, Ezelina akusaka zilembo ndi chala chimodzi ngati akutola nsabwe.

Ali mkati molemba, kumbuyo kunaimirira a Nakhumwa, tenanti wochokera ku Mulanje, chipewa chili kumanja. Zimene anafunsa ndinazidziwa mochedwa, koma inu ndikuuziranitu. Anati: "Mayi, poti chimadziwa zonse, chingatiuze dzina la amene anaba mbuzi yanga sabata yatha?"

Ine ndinangomvapo mawu akuti "chingatiuze dzina." Ndinayang'ana pagalasi, ndinaona kuti Ezelina wamaliza.

"Ndithu bambo! Taonani nokha!"

Ndinatembenuzira galasi kwa anthu. Panali zilembo zikuluzikulu ngati za pabasi: CHIMBALANGA.

Ophunzira a kutsogolo anawerenga mokweza, kuthandiza makolo osadziwa kuwerenga. Amayi anagwira pakamwa. Wina anati "Mayo ine!" Ndinaganiza kuti luso lawazunguza mitu, ndiye ndinawonjezera moto.

"Mwaona? Ndipo watulutsa dzinali ndi mwana wawo yemwe, wamkazi!"

"Ndinkadziwa ine!" anakuwa a Nakhumwa. "Munda wawo wachita malire ndi khola langa!"

A Chimbalanga anaimirira pang'onopang'ono, akukonza tayi. "Mayi, mukuti bwanji kodi?"

"Musachite manyazi bambo," ndinatero ndikumwetulira. "Senderani pafupi mudzionere nokha. Chinthuchi sichinama."

Nthawi yomweyo jenereta inatsokomola n'kuzima (mwini wake anathiramo mafuta ongolawitsa). Galasi linada. Kenako mawu anamveka kumbuyo: "Azimitsa dala! Chikanatchula enanso!" Ndinaona abambo ena akutuluka chozemba, mitu ili pansi, ngati akumbukira kuti asiya madzi akutayika kudimba.

Alamu anandikokera pakona. "Alamu, mwamva chimene afunsa mkuluyu?"

"Afunsa ngati chimalemba mayina."

"Afunsa wakuba mbuzi."

Ndinabwerera kutsogolo n'kuyamba kufotokoza kuti dzinalo ndamuuza mwanayo ndine, kuti kompyuta siombeza, kuti imangolemba zimene munthu walemba. Ezelina anali akulira, akugwedeza mutu kuvomereza. Koma mayi wina anafunsa modekha kuti, "Nanga si mwanena nokha kuti chimadziwa chilichonse? Ndiye munama kuti, poyamba paja kapena panopa?" Msonkhano unatha popanda pemphero lotsekera, chifukwa amene anayenera kupemphera anali a Chimbalanga.

Lamulungu lotsatira ndinabwereranso ku Kapondo, ulendo uno wopanda suti, nditanyamula tambala. Ndinaima pamaso pa mpingo n'kunena kuti a Chimbalanga ndi munthu wosalakwa ndipo wolakwa ndi khutu langa. Iwo analandira tambalayo panja, anthu akuona.

"Mbuzi sindinabe," anatero. "Tambala uyunso nonse mwaona kuti achita kundipatsa. Pasadzapezeke makina ena."

Chimene chinandisokoneza n'chakuti mbuzi ya a Nakhumwa inali itapezeka kale. M'mawa wa tsiku lotsatira msonkhano uja, ophunzira anaipeza itamangidwa pagolo la bwalo la mpira. Pambali pake panali khasu, wilo la njinga ndi wailesi yopanda mabatire, zinthu zimene eni ake anali ataleka kalekale kuzifunafuna. Amene anazibweza sakudziwika mpaka pano.

Atsikana analembetsa ochuluka kuposa anyamata, ena atachita kuperekezedwa ndi makolo. Alamu akuti mayi wina anafika atamugwira mwana wake padzanja nati, "Aphunzitsi, uyu aphunzire msanga, kwathu nkhuku zikutha." Makompyuta aja anabweradi, ndipo mphunzitsi amene anatumizidwa anatha teremu yonse akukana milandu ya mbuzi, ya malire a minda, ndi umodzi wa chigololo. A Chimbalanga nawo anamulembetsa Ezelina, ati adziwe mkati mwa chinthucho kuti chisadzanamizirenso munthu wa pabanja pawo. Ndinamva kuti mwanayo anapitiriza nazo mpaka ku koleji, koma tikakumana amandipatsa moni wa patali.

Alamu amati palibe mlendo amene anathandizapo sukulu yawo ngati ine, ndipo chaka chotsatira anandiitananso. Ndinakana. Ndinali nditaphunzira kuti funso limene sunalimve bwino suliyankha kuti "ndithu." Phunziro limeneli ndinalisunga ndithu, mpaka tsiku lina pa ukwati wa mphwanga, zimasipika zikugunda, apongozi anandifunsa kenakake ine n'kugwedeza mutu kuvomereza. Anabwera ndi zikwama zawo Lolemba, ndipo akadali kwathu.