Getsi la Nsomba Linandiitanira Apolisi

Nkhani iyi ndikanakonda kuikwirira n'kubzalapo nthochi, koma ndiinena ndekha chifukwa amayi a kumpingo kwathu akamaifotokoza amathiramo mchere wambiri. Inachitika m'nyengo yozizira, chaka chachitatu chifikireni ku Birmingham. Tinkakhala ku Lozells, m'tinyumba togundizana tija toti neba akayetsemula iwe n'kuyankha kuti pepani.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi nesi. Ndiwo anatsogola kuno, ine n'kubwera pambuyo ngati sutikesi yotsalira. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa sayansi kusekondale (gwirani mfundo imeneyi, ndiyo inandipweteka), koma kuno ndinapeza ntchito yolongedza katundu m'weyahausi. Kumeneko ndinazolowerana ndi mzungu wina wachikulire. Atapuma pantchito n'kumasamukira kwa mwana wake, anandipatsa ulere thanki yake ya nsomba za m'nyanja yamchere. Munali tinsomba tiwiri ta olenji ta mizere yoyera, komanso makorali. Amenewa ndi tizamoyo tofewa tomera pamiyala, tooneka ngati maluwa, tovina madzi akamayenda.

"Bambo a Tadala, nsomba zimenezi n'zokazinga kapena zootcha?" anafunsa mayi titatsitsa thankiyo.

"N'zoonerera, mayi."

"Ndiye muzikaonerera m'mwamba. Pabalaza panga ayi."

Thanki inakakhala m'kachipinda kam'mwamba, kuseri. Ndikaweruka ndinkakhala pamenepo ndi kapu ya tiyi, mtima uli zii. Zonse zinayenda bwino mpaka tsiku limene getsi lakale la pathankipo linaphethiraphethira n'kufa. Mkulu uja anali atandichenjeza kuti makorali amadya kuwala, akakhala mumdima amafota. Ndiye ndinathamangira kusitolo ina ya nsomba ku Wolverhampton.

Mayi wogulitsa anandifunsa kuya kwa thanki ndi mtundu wa makorali. Nditayankha, anati thanki yanga njosaya ndipo makorali ofewa safuna zambiri. Machubu a magetsi awiri aatali basi, loyera ndi labuluu, ndipo kuwalako ndizionjezera pang'onopang'ono. Ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima mphunzitsi wa sayansi anali atadzuka kale ndi choko m'manja. Zamoyo zochokera kotentha, zozolowera dzuwa longa la ku Nsanje, n'kuzipatsa timachubu ta m'khonde la chipatala? Ndinathokoza n'kutuluka chimanjamanja.

Loweruka lotsatira, ndikugula mbuzi ku Sparkhill, ndinaona kasitolo kuseri kwa Stratford Road kogulitsa magetsi olimira mbewu m'nyumba. Pawindo anamata zithunzi za tomato. Ndinalowa n'kuloza getsi lalikulu kuposa onse, la chipewa chachitsulo chonyezimira.

"Mukulima tomato?" anafunsa mwini sitolo, bambo wandevu zake.

"Ayi, zanga n'zina. Zili m'kachipinda kam'mwamba, mkazi wanga safuna n'kuziona komwe."

Anatsinzina diso limodzi. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Malawi."

Anandigwira chanza ndi manja awiri. Ine ndinatuluka ndikunyadira kuti dziko lathu laling'ono likudziwika mpaka ku Sparkhill (sindinaganizeko kuti likudziwika ndi mbewu iti).

Nditaliyatsa, kachipinda kanawala ngati bwalo la mpira. Tinsomba tinathawira kuseri kwa mwala. Ine ndinati tikuchita manyazi, tizolowera. Pofika tsiku lachitatu madzi anayamba kufunda, ndiye ndinagula fani yoti iziwomba pamwamba pake tsiku lonse. Nthunzi inayamba kuyenderera m'makoma, ndiye ndinatsegula kawindo kapamwamba, kunja kukuzizira koti mano kuguguda. Kenaka neba wakuseri anadandaula kuti kuwala kukumulowera m'chipinda. Pofuna kukhala bwino ndi anthu, ndinamata windo lonse ndi foyilo yophikira ya mayi a Tadala. Vuto lililonse ndinkalipezera yankho, ndipo yankho lililonse linkandikondweretsa.

Sabata yachitatu kunagwa sinowo. Madenga onse mumsewu mwathu anayera mbee, kupatula chigamba chimodzi chakuda pamwamba pa kachipinda kanga. Ndinaima panja n'kumachisirira, ndikudzifotokozera ndekha za kayendedwe ka kutentha.

Loweruka limenelo masana amayi a kumpingo anali ndi mapemphero kwathu. Analipo asanu ndi atatu, ambiri manesi anzawo a mayi a Tadala, motsogoleredwa ndi Mayi Nyirenda, apampando, munthu woti akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Ali pakati pa nyimbo, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Ndinatsegula. Apolisi awiri, wamwamuna ndi wamkazi.

Nyimbo inathera pakhosi. Wamkaziyo ananena mwaulemu kuti alandira madandaulo: kuwala, windo lomata, fani yolira tsiku lonse, denga lopanda sinowo. Akufuna aone zimene ndikulima m'mwamba. Apa m'pamene tomato, diso lotsinzina ndi chanza cha manja awiri zinagundana m'mutu mwanga.

Ndinacheukira mayi a Tadala. Anali ataima, buku lanyimbo lili m'manja, nkhope ili gwa. Nesi wakunja sayenera kumveka ndi nkhani ya chamba m'nyumba mwake. Ntchito ingathe, mapepala okhalira m'dziko n'kutha nayo limodzi, tonse n'kukwera ndege.

"Bambo a Tadala," anatero ndi mawu otsika kwambiri, "n'chifukwa chake simufuna ndizikolopa m'chipinda muja?"

"Mayi, ndi nsomba! Mukuzidziwa!"

"Ndikudziwa nsomba zimene munalowa nazo. Za pambuyo pake sindikudziwa."

Tinakwera masitepe, ine patsogolo, apolisi pambuyo, kenaka mayi a Tadala, kenaka mpingo wonse (palibe anawaitana). Nditatsegula chitseko, kutentha kunatimenya kumaso. Apolisi anasuzumira m'kabati, pansi pa tebulo, ngakhale kudenga. Anapeza chidebe cha mchere, anachinunkhiza, n'kuchisiya. Kenaka wapolisi wamwamunayo anagwada patsogolo pa thanki, dzanja litaphimba maso, n'kuyang'anitsitsa m'madzimo.

"Bwana, ndani anakuuzani kuti muike getsi ili apa?"

"Ndinaganiza ndekha. Ndinali mphunzitsi wa sayansi."

Anapumira m'mwamba. Zinapezeka kuti naye amaweta nsomba zotere kwawo. Anandionetsa makorali amene anafinyika n'kuyera, amene ine ndinkati akuwala ndi thanzi. Anati apsa. Anandionetsanso ndere zobiriwira zimene zinakuta miyala ndi galasi lakumbuyo.

"Kulima mukulimadi," anatero, "koma mbewu yanuyi lamulo sililetsa. Zimitsani chinthu ichi nsombazi zisanapse."

Anandilangiza kwa mphindi khumi pamaso pa amayi onse. Machubu awiri, loyera ndi labuluu, kuonjezera kuwala pang'onopang'ono. Mawu omwewo a mayi wa ku Wolverhampton, kungoti tsopano atavala yunifolomu. Mnzake anali atatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Potsika, mayi a Tadala anawapatsa mandazi m'pepala, n'kuwaperekeza mpaka pageti. Pobwerera anadutsa pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Foyilo yanga mundibwezere."

Mapemphero anapitirira, ndipo Mayi Nyirenda anandipempherera ponditchula dzina, kuti Ambuye andipatse mtima womva malangizo. Ameni wake anamveka mpaka kunja. Koma potsazikana anatsalira pang'ono pakhomo, akumanga mpango, n'kundikodola.

"Bambo," ananong'ona, "apolisi apita. Ngati kalipo kena kamene sanakaone, musandibisire. Akuti masamba ake owiritsa amathandiza nyamakazi. Bondo ili landisowetsa mtendere."

Ndinalumbira kuti kulibe. Anandiyang'ana mokhumudwa kuposa mmene anandiyang'anira apolisi atangofika.

Lolemba ndinabwerera ku Wolverhampton n'kugula machubu awiri aja, mutu uli pansi. Makorali awiri anafa, ena anatsitsimuka patapita miyezi, ndipo tinsomba tinatuluka kuseri kwa mwala tili bwinobwino. Masiku ano mayi a Tadala akaweruka shifiti yotopetsa amakwera okha m'mwamba n'kukakhala pampando wanga, ati akungoona ngati sindinaikenso zachilendo.

Ndinaphunzirapo kuti wodziwa chinthu akakuuza, umve, ngakhale uli ndi satifiketi m'sutikesi. Phunziro limeneli ndinalisunga bwino pafupifupi chaka chathunthu. Kenaka ndinawerenga kuti makorali amakonda mafunde, ndipo ndinaona kuti pampu ya makina ochapira akale ikhoza kugwira ntchitoyo. Siling'i ya kukhitchini, imene madzi osefukira m'thanki anagwetsa, anaikonza bwino, simungadziwe kuti panadutsa nyanja.