Tsiku Limene Ndinasinthitsa Abiti Dzimbiri

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, apite ku Kachulu akafunse asodzi, akafunse ogona m'zimbowera, tinyumba tija toyandama pakati pa nyanja, akafunse ngakhale achule a mu Likangala, ndipo pobwerako adzandipepese pamaso pa anthu. Inu alamu, a Witinesi, tasiyani kaye kupukuta njinga yanuyo, mukhale pansi apa. Ndamva kuti mawa mukupita nayo ku Songani kukaisinthitsa ndi yatsopano yonyezimira ija. Chabwino, njinga ndi yanu. Koma mumve kaye za ine amene ndinasinthitsa kale, ndipo mpaka lero ndikunong'oneza bondo.

Njinga yanga yamoto ija dzina lake inali Abiti Dzimbiri, chifukwa penti inatha ine ndisanaigule. Inalibe madigadi, inalibe galasi, hutala inali pakamwa pangapa, ndipo mpando tinachita kusoka ndi thumba la feteleza. Tinaigula ndi mpunga wa pa sikimu, ine ndi achemwali anu, mayi a Esinati, ndipo kuyambira tsikulo kulikonse kumene ndinkapita iwo ankakhala kumbuyo, dzanja limodzi litagwira malaya anga, lina litagwira dengu.

Koma kuthamanga kwake, abale! Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka kusanduka bwalo la mpira, tinanyamuka pa Kachulu kupita ku Chisi kukagulitsa mpunga, matumba khumi ndi awiri pa kaliyala, mbuzi ili pa thanki, nkhuku zili m'dengu, ndipo nditangolowetsa giya yachitatu mphepo inandichotsa ndevu za mbali imodzi, nkhuku zinaikira mazira ophikaphika chifukwa cha mantha ndi kutentha, ndipo titafika pachilumba tinapeza kuti chithunzithunzi chathu chatsalira kumtunda. Mukumva? Chinafika mawa lake masana, chikuyenda pansi, chili wefuwefu, mapazi ali ming'alu yokhayokha, ndipo mayi a Esinati anachita kuchipatsa madzi akumwa.

Mukuseka? Nanga pobwerera! Tili pakatikati, petulo anatha, kulibe nyumba, kulibe mtengo, koma matope okhaokha. Ndinakumba pansi ndi sipanala n'kutulutsa milamba itatu yonona imene inabisala m'matopemo, ndinaifinyira m'thanki ngati ndikukama ng'ombe, ndipo Abiti Dzimbiri analira mokoma kuposa kale, utsi wake ukununkhira nsomba yokazinga, moti amphaka onse a kwa Mwambo anatilondola pamzere mpaka kunyumba, ndipo midzi itatu sinagule ndiwo sabata yathunthu, anthu ankangotsegula zitseko n'kumadyera fungo. Tsiku lomwelo mvula inagwa kumapiri a Zomba, nyanja inayamba kubwerera ife tisanatuluke, madzi akutithamangitsa m'mbuyo ngati galu wachiwewe, ndipo atatipeza sindinachepetse moto, tinangoyenda pamwamba pake, tayala lam'mbuyo likuponya matemba m'mwamba, achemwali anu akuwakha ndi dengu, ndipo pofika kumtunda anali atauma kale ndi ekizozi. Ngati ndikunama, mphezi indipeze pano dzuwa likuswa mtengo.

Ndipo alimi a pa sikimu ankandipempha kuti m'nyengo imene mpunga wacha ndizingodutsa kamodzi m'mawa, chifukwa kulira kwa Abiti Dzimbiri kunkabalalitsa mbalame zonse mpaka ku Mozambique, ndipo zina zinakhazikika konko, zinakwatira, sizinabwerenso.

Koma chilema chinalipo chimodzi, ndipo ichi sindikonda kuchinena. Kiki yolizira injini inathyoka chaka choyamba, ndipo amakaniko onse analephera. Abiti Dzimbiri sankalira popanda kukankhidwa. Ndiye m'mawa uliwonse mayi a Esinati ankamanga chitenje, n'kugwira kaliyala, n'kukankha kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pa chulu, injini n'kutsokomola, iwo n'kudumphira kumbuyo njinga ikuyenda. N'chifukwa chake sindinkapita kulikonse ndekha. Ikazima panjira, akanandikankha ndani? Zaka khumi ndi zinayi tinayenda choncho, kumsika, kutchalitchi, kumaliro, iwo akunditsina m'nthiti ndikayamba kunamiza anthu.

Chinandilowetsa m'mavuto ndi manyazi. Tsiku lina la msika ku Songani njinga inazima pakati pa anthu, achemwali anu anatsika n'kuyamba kukankha, ndipo anyamata a kabaza amene amaima pansi pa mtengo paja anaseka mpaka kugwa. Wina anakuwa kuti, “Madala, injini yanu yavala chitenje!” Msika wonse unaphulika. Ine amene ndinathamangitsana ndi nyanja n'kuipambana, ndinasowa pobisa nkhope.

Pomwepo panali munthu wina wogulitsa njinga, wa pakamwa potsekemera. Anandionetsa yofiira, ya magalasi awiri, ya wailesi, ya potchajira foni, ndipo anati, “Bambo, iyi simuvutitsa mayi. Mungodina kabatani aka.” Ndinadina ndi chala chimodzi, inalira ngati mphaka wokhuta. Anati ndimusiyire yakaleyo, ndiwonjezere mpunga wa chaka chimenecho, basi.

Masabata atatu ndinkangotembenuza nkhaniyo m'mutu. Ndikayang'ana Abiti Dzimbiri ndinkamva chisoni, ndikakumbukira kuseka kwa anyamata aja mtima unkatentha. Pomaliza ndinafunsa mayi a Esinati, koma kunali kufunsa kwa munthu amene wamanga kale mtolo. Iwo anali akupeta mpunga pakhonde, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

“Ndiye kuti ine ntchito yandithera?”

“Mupume, mayi. Mwakankha mokwanira.”

“Ndinakuuzani kuti ndatopa?”

Ine ndinaseka. Ndinaseka, alamu, ngati chitsiru, ndipo Loweruka lake iwo anakankha Abiti Dzimbiri komaliza kuchokera pa mango mpaka pa chulu, koma sanadumphire kumbuyo. Anangoima pamenepo akupukuta manja pa chitenje.

Njinga yatsopanoyo sindingainamizire, inali yabwino. Anthu ankailimbirana, aphunzitsi, anamwino, ogula nsomba, aliyense ankafuna kukwera yofiira. Ndinkatuluka kukucha n'kubwera dzuwa litalowa, mpando wam'mbuyo uli ndi mlendo tsiku lililonse. Ndikati, “Mayi, lero tiyeni ku msika,” iwo ankayankha kuti, “Pitani, kabatani kakuperekezani.” Ine n'kumaganiza kuti ndi mkwiyo chabe, udzatha wokha. Ndinkaona kuti akudya pang'ono, ndinkaona kuti akugona msanga, koma munthu wothamanga saona bwino. Miyezi isanu ndi itatu inatha chonchi.

Ndiye kusungulumwa kunandigwira. Pamsewu panalibe wonditsina, ndinkanama momasuka ndipo bodza lake silinkakoma. Ndinabwerera ku Songani kuti mwina ndikawombole Abiti Dzimbiri, koma ndinapeza atawaphwasula kale, injini ikupopa madzi m'dimba la munthu wina, matayala ali pa ngolo, tcheni chikumanga galu. Kupepesa kunyumba kunandikanika, mukudziwa mmene ife amuna tilili. Choncho ndinapanga nzeru. M'mawa wina ndinazula waya wa batire, ndinamasula kiki n'kuibisa m'nkhokwe, ndipo ndinakuwa ngati munthu wokhumudwa kuti, “Mayi a Esinati, chinthu chija chakana! Tabwerani mundikankhe!”

Anatuluka. Anandiyang'ana, anayang'ana waya ali lendelende, ndipo ndikudziwa kuti anazindikira zonse, chifukwa anamwetulira ngati kale. Anamanga chitenje, ndipo ndinaona kuti chazungulira m'chiuno kawiri. Anagwira kaliyala. Ine ndili pampando mtima uli phaphapha ngati mnyamata wofunsira mbeta.

Anakankha mapazi atatu okha. Kenako njinga inaima, ndipo nditacheuka ndinawapeza atakhala pansi, atagwira pamimba, thukuta lili kamukamu. Mayi amene ankakankha matumba khumi ndi awiri ndi mbuzi pamwamba analephera njinga yopanda katundu.

“Zinayamba liti?”

“Njinga yanuyi itangofika.”

“Osandiuza bwanji?”

“Ndikanakuuzani nthawi yanji, bambo? Inu mumangodina n'kupita.”

Ndinabwezera waya uja, ndinawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje chomwecho, ndipo ndinadina kabatani. Tsiku limenelo njinga yofiira inathamanga kuposa Abiti Dzimbiri, sinazime ngakhale kamodzi, ndipo tinafika kuchipatala ku tauni dzuwa lisanatenthe. Adokotala atawapima anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chotupa cham'mimba chakula kwambiri, tikanabwera miyezi isanu m'mbuyomo akanayesa. Zotsatira zake mukuzidziwa, alamu, munanyamula nawo bokosi.

Chimene simunkadziwa ndi ichi. Pa Abiti Dzimbiri ndinkamva mphamvu za achemwali anu pamsana panga m'mawa uliwonse. Akadwala chimfine ndinkadziwa tisanafike pa chulu, akakhala ndi pakati ndinkadziwa iwo asananene. Ndikanakhala nayo njinga ija, ndikanamva sabata yoyamba yomwe kuti kukankhaku kwasintha, ndipo tikanathamangira kuchipatala nthawi ilipo. Ndinagula kabatani kuti anyamata a ku Songani asandiseke, ndipo anasiyadi kundiseka.

Ndiye mawa pitani kapena musapite, ine sindikuletsani, mwina yanuyo yatopadi. Ndinu mwini mbumba, munayenera kumva zimenezi kalekale, koma ndinalibe pakamwa ponenera. Anthu kuno amati mawu anga khumi, asanu ndi anayi ndi mabodza, ndipo mwina sakulakwa kwenikweni. Koma pa zonse ndakuuzani lerozi, ili lomalizali lokha ndi limene ndikanakonda likanakhala bodza.