Chingwe cha Piyano ya Madamu

Lolemba
Madamu, eni loji yathu ku Senga Bay, apita ku Lilongwe mpaka Lamulungu. Andisiyira piyano ya m'chipinda chodyera. Kunsi kwake kuli kachipangizo kotenthera, koumitsa chinyezi cha kunyanja kuti matabwa asatupe. Chingwe chake cha magetsi chimayenda pansi mpaka pakhoma. Ponyamuka andichenjeza: "Chikaduka chimenechi, uchoka pa risepushoni, ubwerera kukhitchini kukapala mamba a nsomba." Ine, wa Fomu Folo! Adani a chingwe: makoswe, miyendo ya mipando, ndi Esinati wokolopa, amene anandinenera bodza la sopo chaka chatha. Sindinaiwale.

Lachiwiri
Ndachilowetsa m'chidutswa cha paipi yothirira maluwa. Nzeru za kusukulu! Masana a Phiri a m'dimba abwera, asolola paipi yawo. Potuluka: "Maluwa akafota mukayankha ndinu, achemwali?" Chingwe chili pamtunda ngati poyamba.

Lachitatu
Ndapeza pulagi ili pansi, pasoketi pali foni ya Esinati. "Iii, piyano imadyanso moto? Bwanji siimba yokha?" Ndamuyang'ana mpaka wazula. Ndamata chingwe pasimenti ndi selotepi. Chinyezi chamatula yonse tiyi asanapse.

Lachinayi
Che Saidi, alonda athu, anali asodzi mpaka msana unawakana. Andimvera chisoni. Abweretsa ulusi wa khoka lawo lakale, akhala pansi mwendo atatambasula, akulunga chingwe chonse mmene amakulungira chingwe cha nangula. Ntchito yokongola, mfundo zothinana. "Insha Allah, mwanangu, apa ngakhale ng'ona igwa mano." Ndawagwadira pothokoza. Chipinda chikununkha usipa pang'ono, koma ndani pano sanunkha usipa?

Lachisanu
Makoswe! Onse a m'boma la Salima, ndi azilamu awo. Ulusi wonunkha nsomba adya, ndipo pofika pa chingwe sanaone chifukwa choimira. Waya akuonekera malo awiri. Che Saidi akuti khoka limenelo silinabwerepo lopanda kanthu. Sindinaseke. Ndakulunga mabalawo ndi tepi yakuda, ndabwereka mphaka kukhitchini. Mphaka wanunkhiza, wagona chagada, wayamba kutafuna naye.

Loweruka
Phwando la ukwati, anthu odzaza maminibasi. Ndaima pa chingwe ngati msilikali, osadya, osapita kuseri. Aliyense woyandikira ndikumuuza, "Pepani, dutsani uko." Kenaka Esinati akuti foni ikulira ku risepushoni. Ndathamanga. Inaliradi, mwatsoka, choncho sindingamunene. Pobwerera ndapeza amalume a mkwati ndi anyamata akankha piyano kuti perekaniperekani apeze bwalo. Tayala lachitsulo ladutsa penipeni pa tepi yanga. Chingwe chili pawiri. Amalumewo: "Musadandaule, mayi, sitinaikande."

Lamulungu
Madamu afika, anyamula zidutswa ziwirizo, azinunkhiza. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Angoti wokonza piyano abwera ndi chingwe china, ndipo apempha Esinati akhale kaye pa risepushoni chifukwa "amamwetulira alendo". Ndili kuseri kwa khitchini ndi beseni la chambo. Mpeni ndi wobuntha. Kuchokera pano ndikumumva akuyankha foni m'Chingerezi chothyokathyoka, ndipo palibe wondifunsa kuti ndimukonze. Che Saidi adutsa, andipatsa salamu. Ndayankha, poti ndi akulu. Zokhululuka tikambirana chaka chamawa.