Ma dates a pageti

Iyi ndiye sindinawauzepo ngakhale mayi anga. Sekani mmene mungathere, koma chonde isakafike ku Ntaja.

Ine ndinaleredwa ndi agogo osatchula chinthu ndi dzina lake. Akafuna mchere ankati, "Kanditengere mlendo uja amasowa akangolowa m'madzi." Ukabwera ndi shuga, mlandu unali wako. Ndiye ndinakula ndikudziwa kuti mawu alionse ali ndi kachipinda kuseri, ndipo wanzeru amalowa komweko.

Chaka cha corona chinandipeza ku Al Waab, m'dziko la Qatar, ndikugwira ntchito m'nyumba ya Madam wina wa ku Lebanon. Kutuluka kunalibe. Tsiku lonse Chingerezi chothyokathyoka ndi yalla yalla wondifulumizitsa, mpaka lilime kuchita dzimbiri. Chichewa ndinkachimva malo amodzi okha: pageti pa compound, pamene pankaima security wa ku Namwera, Che Yusufu.

Nkhope yawo sindinaionepo. Mask! Ndinkangodziwa maso ndi mawu. Koma akati, "Mwaswera bwanji chemwali?" ine ndinkamva fungo la mvula yoyamba, ndinkaona mango akugwa kuseri kwa nyumba yathu, pomwe kuno December ndi kamphepo kouma kokhakokha. Mphuno ndi pakamwa ndinawaikira ndekha m'maganizo. Ndinasankha zabwino.

Kenako malamulo anasintha, munthu n'kutha kusintha ntchito osagwadira bwana. Che Yusufu anapeza ya ku hotelo, ndipo ankachoka Khirisimasi ikangodutsa. Ine nkhawa. Akapita, ndani adzandifunsenso mmene ndaswerera? Mumtima ndinkangoti: ngati ali ndi mawu, anene pano.

Sabata ya Khirisimasi Madam anayamba zokonza mabisiketi akwawo otchedwa maamoul, timibulu tofewa tokhala ndi zotsekemera m'kati. Nyumba yonse fungo la batala. Ndikutsuka mbale, anandiitana.

"Asiyatu, habibti, Yusuf has dates for you. Friday, at the gate."

Mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. Dates! Mawu amenewa ndinkawadziwa bwino kuchokera m'mafilimu a pafoni: mnyamata, mtsikana, tebulo la kandulo. Ndipo sanati imodzi ayi. Zambiri!

"For me, Madam?"

"Who else? Me, I am busy. Last year I took from the driver. Very dry, very bad."

Ndinazolika. Madam, mayi wapabanja, ndi driver! Koma za eni, ine ndinangokhala ngati sindinamve.

"You check if soft and sweet. If hard, say no, khalas. And inside there is stone, you remove."

Apa ndinati eya, ndagi yonga za agogo zija yafika, ndipo yapeza mwini wake. Kufewa ndi kutsekemera: khalidwe la munthu. Mwala wam'kati: mtima wa mwamuna, umene mkazi amauchotsa pang'onopang'ono. Ndinazindikira kuti Madam ndi munthu wozama, kungoti amakalipa.

Lachisanu ndinasita diresi la pa Eid. Ndinapaka wanja mpaka maso ngati a kadzidzi. Lipstick ndinapakanso bwinobwino, kenako n'kuvala mask pamwamba pake. Nzeru zimenezo! Njira yonse ndinkayeseza kuyenda kwa munthu wofunsiridwa, kosafulumira, ngati pansi pali mazira.

Pageti ndinapeza Che Yusufu ali ndi mnzawo wa ku Nepal.

"Salaam aleikum, chemwali. Iii, lero ndiye mwatchena! Kuli ukwati?"

Mwamva? Ukwati! Munthu wosazungulira.

"Madam andiuza zonse," ndinatero, maso pansi.

"Eya, ndiye ndimadikira inuyo kuyambira m'mawa."

Ndinakweza maso. "Achimwene, ndaganiza mofatsa. Ndavomera."

"Mwavomera? Osaona kaye?"

"Ndinaona kalekale. Kufewa kulipo, kutsekemera kulipo. Za mwala uli m'katiwo musadandaule, ndidzauchotsa ndekha. Ine ndine wopirira."

"Aaa, koma ndi yambiritu miyalayo, chemwali. Zala zidzatupa."

Kudzichepetsa kwakeko! Mwamuna wovomereza yekha zofooka zake! Misozi inalengeza, wanja n'kuyamba ulendo wopita ku mask.

"Ngakhale ichuluke bwanji," ndinatero. "Koma chimodzi chokha. Ine ndine mwana wa anthu. Zongotengerana pageti ngati za driver zija, ine ayi. Muyambe mwatuma anthu kwa amalume anga ku Ntaja."

Wa ku Nepal uja, wosamva ngakhale liwu limodzi, anasiya kusewera ndi foni.

Che Yusufu analowa m'kanyumba ka alonda, n'kutuluka atanyamula katoni. Anaika patsogolo panga, n'kutsegula.

Tende!

Tende yemweyu timamasulira swaumu pa Ramadhani. Wodzaza katoni, wonenepa, akunyezimira padzuwa. Chibadwire changa ndakhala ndikumudya, koma palibe anandiuzapo kuti ali ndi dzina lachizungu. Ameneyu ndiye anali woika m'kati mwa mabisiketi a Madam, ndipo mwala uja inali njere yake.

Che Yusufu anayang'ana katoni. Anayang'ana diresi. Anayang'ana wanja. Ndinaona maso aja, maso amene ndinawamangira nyumba ya malata m'maloto, akuchepa pang'onopang'ono pamwamba pa mask, mapewa akugwedezeka. Ndinapempha nthaka ya Qatar kuti ing'ambike, koma pansi ponse panali simenti.

Anakhosomola, n'kufunsa mwaulemu wonse wa ku Namwera:

"Pepani chemwali, amalumewo ndiwatumizire makilo angati?"

Abale, Chingerezi cha m'mafilimu muziyamba mwachilawa kukhitchini musanapite nacho pageti.